Kukaona Magetsi

"Amalume, chaka chino mutitengeko kutauni tikaone magetsi."

Anatero mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa zaka 9, usiku wina kumayambiriro kwa Disembala. Anayankhula m'Chishona monga amachitira ana a ku Mabvuku masiku ano, ngakhale amene makolo awo anachokera ku Dedza ngati ife, koma liwu limene landilembetsa nkhaniyi ndi limodzimodzi m'zinenero zonse ziwiri: magetsi. Ntchito yanga ndi yomasulira, ndipo liwu limeneli limandizunguza mutu kawirikawiri. Mngelezi ali ndi mawu awiri, lina la mphamvu yoyenda m'mawaya, lina la nyale zimene mphamvuyo imayatsa. Ife tili ndi limodzi. Mwanayo ankanena nyale za Khirisimasi za pa Africa Unity Square, koma pamene ankanenapo n'kuti titazungulira kandulo, chifukwa magetsi enawo anali atachoka m'bandakucha. Amayi anga, amene khutu lawo siligona, anayankhira kukhitchini: "Pitani ndithu. Mukawapeza muwauze kuti kunyumba kuno tikuwafuna."

Tinaseka tonse. Koma nthabwala ija sinanditsike pakhosi mpaka lero.

Ndinene msanga, pasakhale wondiyesa mdani wa chisangalalo: sindikupempha kuti nyale za Khirisimasi za mu Harare azizimitse. Mlandu wanga ndi wina. Mzinda uno umakongoletsa malo amene anthu amathawamo dzuwa likalowa, n'kusiya mumdima malo amene anthuwo amakagona. Ndipo chaka ndi chaka timauzidwa kuti nyalezo ndi "za aliyense", ngati kuti chinthu chimakhala chako chifukwa choti palibe mlonda wokuletsa kuchiyang'ana.

Mnzanga wina wa kuntchito, wokhala ku Mount Pleasant, atamva za ulendowu anandiyalira dongosolo lake mokoma mtima. Anati zonse zimaoneka tsiku limodzi. Muyambe ku Sam Levy's Village ku Borrowdale chakumadzulo, mutsikire m'tauni, muyende mu First Street, mutsirizire pa Africa Unity Square, pofika 9 koloko muli kunyumba mukumwa tiyi. Sananame. Anangoiwala kuti dongosolo lakelo lili ndi galimoto m'kati mwake.

Ife tinanyamuka 2 koloko masana, ine ndi ana awiri, mtsikana uja ndi mlongo wake wa zaka 6, onse atavala zovala za kutchalitchi. Tinakwera kombi pa Kamunhu, wailesi ikuphulitsa nyimbo za Alick Macheso, n'kuyenda makilomita 17 aja mpaka pa siteji ya mu Simon Muzenda Street, imene aliyense amaitchulabe Fourth Street. Za ku Borrowdale ndinazichotsa m'mutu tisanatsike n'komwe: kombi ina popita, ina pobwerera, anthu atatu, ndipo tikanabwerako usiku ndi ana. Tinatsala ndi tauni.

Vuto la nyale ya Khirisimasi ndi lakuti masana ndi waya chabe. Tinazungulira mu First Street tikuona mitengo ya pulasitiki m'mawindo a masitolo, thonje loyerekeza chipale chimene palibe wa ife anachikhudzapo, ndi bambo wina atavala chovala chofiira cha Father Christmas thukuta lili kamukamu. Ogulitsa m'mbali mwa msewu anayala zidole ndi timagetsi ta ku China, diso limodzi pa kasitomala, lina kumene angatulukire owathamangitsa. Ndinagulira ana tchipisi. Cha m'ma 5 koloko mvula inagwa, tinabisala pakhonde la sitolo. Itakata tinapita pabwalo paja, moyang'anana ndi hotela ya Meikles, pafupi ndi amayi ogulitsa maluwa, n'kukhala pabenchi yonyowa kudikira mdima. Mu Disembala dzuwa la ku Harare silifulumira. Limalowa cha m'ma hafu pasiti sikisi.

Kenaka zinayaka. Ndisakubisireni, zinali zokongola. Nyenyezi, mabelu, zingwe za nyale zofiira, zobiriwira ndi zachikasu zitakulunga mitengo, zonse zikunyezimiranso m'madzi a mvula pansi. Mnyamata uja, amene pakamwa pake sipatseka kuyambira m'mawa, anangoti zii, atagwira chala changa. Mtsikana analanda foni yanga n'kuyamba kujambula chilichonse. Panali mabanja ambiri onga ife, ndipo sikunali kovuta kudziwa kumene achokera: nsapato zawo zinali ndi matope ofanana ndi athu. Ndipo akuluakulu tonse tinkachita chinthu chimodzi. Tinkayang'ana nthawi.

Amene amakhala ku Mabvuku, ku Glen View, ku Budiriro kapena ku Dzivaresekwa akudziwa chifukwa chake. Kukada, makombi amachepa, mzere umatalika, mtengo umakwera malinga ndi mmene kondakitala waonera mitambo, ndipo otsala amadzipanikiza m'timagalimoto ta mushikashika, anthu asanu ndi awiri m'malo a anayi. Nyale zimafuna mdima, koma mdima womwewo ndi umene umatithamangitsa. Ndinawerenga: tsiku lathunthu, ndalama za ndiwo za masiku angapo, ndipo tinaona magetsi mphindi 35.

Pobwerera tinalipira mowirikiza. Titadutsa Msasa, kuwala kunatsalira kumbuyo ngati mlendo woperekeza amene wafika pa malire a mudzi wake. Tinatsika mumdima wandiweyani, mnyamata ali mtulo paphewa langa, mtsikana akuunikira njira ndi foni yomwe ija. Tinadutsa pansi pa mlongoti wautali wa nyale umene kuno timautchula tower light, umene sindikumbukira chaka chimene unayaka komaliza. Ndinaponda m'chithaphwi chimene fungo lake linandiuza kuti si cha mvula.

Wina anganene kuti ndi tsoka chabe, kuti nyale zimaikidwa pakati pa mzinda chifukwa ndi pakati. Amene akutero akayang'ane bwino bwalo limenelo. Tinjira take tinayalidwa motsata mizere ya mbendera ya Britain. Pamenepo ndi pamene gulu la atsamunda la Pioneer Column linakweza mbendera yake pa 13 Sepitembala 1890, ndipo kwa zaka zambiri bwaloli linkatchedwa Cecil Square. Mzinda wa Salisbury unamangidwa mozungulira pamenepo ndi lamulo limodzi losavuta kumva: munthu wakuda alowe m'mawa kudzagwira ntchito, atuluke madzulo. Lamulo logawa malo la 1930 ndi lina la 1946 lokhudza kumene anthu akuda azikhala m'matauni anangolemba papepala zimene zinkachitika kale. Mbare, imene inayamba mu 1907, Highfield, Mufakose, Mabvuku, onsewa anaikidwa kutali mokwanira kuti bwana asamve phokoso lathu, koma pafupi mokwanira kuti tiyi wake asachedwe. Mabvuku inamangidwira makhukhi ndi osamalira maluwa a ku Highlands ndi Greendale, ndipo ambiri mwa iwo anali ochokera ku Nyasaland, Mozambique ndi Northern Rhodesia.

Agogo anga aamuna anali mmodzi wa iwo. Anabwera pa malole a Ulere, amene boma la Southern Rhodesia linkatutira antchito kwaulere kudzera ku Tete, n'kukhala khukhi zaka zoposa makumi awiri. Amayi amasimba kuti Disembala aliyense agogo ndiwo ankakwera pa makwerero kupachika nyale pamtengo wa Khirisimasi m'nyumba ya abwana, ndiwo ankafufuza babu lopsa limene lazimitsa chingwe chonse. Akatsiriza ankalandira Khirisimasi bokosi, shuga, malaya akale ndi kandalama, n'kupalasa njinga kubwerera kulokeshoni. Mu 1980 dziko linamasuka. Mu 1982 Salisbury inasanduka Harare, dzina lolandidwa kwa lokeshoni ya Mbare imene inkatchedwa choncho. Cecil Square inasanduka Africa Unity Square. Malokeshoni anapatsidwa dzina laulemu la high-density suburbs, limene ndikamalimasulira ndimasowa chonena china koma "malo okhala anthu mothinana", ndipo ndikatero ulemu wake wonse umathera pomwepo. Mayina anasintha. Koma tengani mapu a Salisbury, muike kadontho paliponse pamene nyale za Khirisimasi zimayaka lero, muone ngati pali kadontho kamene kagwere kulokeshoni.

Chimene chimandiwawa koposa n'chakuti magetsi a dziko lino ali ndi mafupa athu m'kati. Damu la Kariba linamangidwa pakati pa 1955 ndi 1959, nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndi manja a antchito ochokera m'maiko onse atatu. Oposa 80 anafera pantchitoyo, ndipo Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa kuti nyanja idzaze. Ku Hwange, kumene malasha ake amayendetsa makina a magetsi, ngozi ya pa 6 Juni 1972 inapha anthu 427 mumgodi, Amalawi ali m'gulu lomwelo. Adzukulu a anthu amenewa ndi amene lero amakwera kombi kukaona magetsi, monga mmene ena amapitira ku Victoria Falls kukaona madzi. Kumapeto kwa Novembala 2022, pamene bungwe la Zambezi River Authority linalamula kuti makina a Kariba a mbali ya Zimbabwe aime chifukwa madzi anachepa, dziko lonse linkakhala maola 18 kapena kuposa popanda magetsi. Ananena kuti mdima ndi wa tonse. Koma kumpoto kwa mzinda madenga adzaza masola, majenereta amalira kuseri kwa mipanda, ndipo mdima wa kumeneko umatha mphindi imodzi. Wathu umadikira 11 koloko usiku.

Ndamvapo mayankho atatu, ndipo onse ndawamva kwa anthu amene ndimawalemekeza.

Loyamba ndi lakuti ndisalowetse ndale pa zinthu za ana. Ndikanavomera, nyale zikanakhala kuti zimamera zokha ngati bowa. Koma pali munthu amene amakhala pansi n'kusankha mtengo woti aukulunge ndi msewu woti ausiye, ndipo kusankha kumeneko ndiko ndale. Bwalo lomwelo limadziwa kusiyanitsa mlendo wolandiridwa ndi wosalandiridwa. Munthu wa kulokeshoni akabwera ndi ana kudzati "eee, kukongola!", palibe vuto. Koma mu 2014 Itai Dzamara anakhala pabwalo lomwelo akufuna kuti Robert Mugabe atule pansi udindo. Anamenyedwa, ndipo pa 9 Malichi 2015 amuna osadziwika anamugwira pamalo ometera ku Glen View. Sanaonekenso. Ndikaona nyenyezi zopachikidwa m'mitengo imeneyo sindingachitire mwina koma kukumbukira kuti pansi pake timaloledwa kutsegula maso, osati pakamwa.

Yankho lachiwiri ndi lolemera, ndipo limachokera kwa anzanga okwiya kuposa ine. Iwo amati: zizimitsidwe basi. Mzinda umene kolera inapha anthu ku Budiriro mu 2008, pa mliri umene m'dziko lonse unatenga miyoyo yoposa 4,000, n'kubweranso ku Glen View mu 2018 ndi ku Kuwadzana mu 2023, ungawononge bwanji ndalama pa mabelu owala? Ku Mabvuku ndi ku Tafara kuli ana amene afika kusekondale asanaonepo mpopi wa m'nyumba mwawo ukutulutsa madzi. Zonsezi ndi zoona, ndipo ndani angazidziwe kuposa ife onyamula zigubu? Komabe ndikukana. Nyale za masiku ano za LED zimadya mphamvu yochepa kwambiri. Kuzizimitsa sikungayatse mbaula za lokeshoni, ndipo mtengo wake sungakonze makina oyeretsera madzi a Morton Jaffray. Zikazima, madzi sabwera. Chimene chidzachitike n'chakuti mwana wa ku Borrowdale adzapitirizabe kuona zake pa Sam Levy's, ndipo wa ku Mabvuku adzataya ngakhale mphindi 35 zija.

Koma chifukwa changa chachikulu chokanira ndi china. Maganizo akuti wosauka amangofunika mpopi ndi chimbudzi, zokongola adikire kaye, si atsopano. Ndi maganizo omwewo amene anamanga mahositelo a Matapi ku Mbare: bedi, mpopi umodzi wa anthu ambirimbiri, ndi holo ya mowa, basi munthu wakwana. Anthu athu sanavomerepo zimenezo. Pitani ku Mabvuku, ku Tafara kapena ku Mufakose nthawi ya tchuthi cha Khirisimasi mukaone gule wamkulu, amene anzathu Achishona amati zvigure, akutuluka ndi nthenga ndi nsanza zosokedwa miyezi yathunthu. Mukaone mayi amene wasunga ndalama kuchipereganyu chaka chonse kuti ana avale zatsopano pa 25, wapaka polishi wofiira pakhonde mpaka kuwala ngati galasi, wapha nkhuku, waphika mpunga. Mu 2000 Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mitupo, kutanthauza opanda mfunda, opanda kwawo, ndipo lamulo la unzika la 2001 linasandutsa ambiri a ife alendo m'dziko lobadwiramo mpaka malamulo atsopano a dziko a 2013 atabweza zinthu. Pa zaka zonsezo ng'oma sizinaleke. Munthu wotere musamuuze kuti kukongola si kwa msinkhu wake.

Yankho lachitatu amalinena monong'ona: mukaziika kumeneko adzaba. Inde, mawaya amabedwa, ndipo amabedwanso m'tauni ndi kumayadi. Koma amene amati ife sitidziwa kusunga chinthu sanaimepo pamjigo wa kulokeshoni. Pali komiti, pali kabuku, pali amayi odziwa amene watunga zigubu zingati ndi amene sanasonkhe ya mpira wa pampu. Chimene anthu akuchiona kuti n'chawo amachilondera usiku. Chimene chimabedwa msanga ndi chimene chinangotsitsidwa pa lole popanda kufunsa munthu, monga zinthu zambiri zimene zimatifika.

Ndipo si kuti malokeshoni sanaunikidwepo. Matower light aja anaikidwa kalekale, ataliatali kuposa nyumba zonse, kuti malo onse aoneke ngati bwalo la ndende ndipo woyenda usiku asabisike. Sanaikidwe chifukwa chotikonda. Koma ife tinawalanda n'kuwasandutsa athu. Pansi pake tinkasewera mpira wa mapepala mpaka kuitanidwa ndi chikoti, amayi ankagulitsa chimanga chootcha, ndipo achimwene ena ankawerengera mayeso pomwepo. Ndiye onani mbiri yake: pamene ankafuna kutiyang'anira, ndalama ya nyale inapezeka. Pamene nyale zomwezo zinangotsala zothandiza mayi wochokera kuntchito usiku kuti afike kwawo osagwidwa, zinazima imodziimodzi. Chigawo cha Harare, pamodzi ndi Chitungwiza ndi Epworth, chinali ndi anthu oposa 2.4 miliyoni pa kalembera wa 2022, ndipo ochuluka mwa iwo amagona m'malo amenewa. Mzinda uli kuno. Kutauni kuli maofesi.

Zimene ndikunenazi si maloto. Ku Medellín, m'dziko la Colombia, mzinda umene unatchuka ndi kuphana, kampani ya magetsi ya mzindawo imayatsa nyale za Khirisimasi chaka chilichonse, ndipo sizikhala pakati pokha. Zimafika m'mabwalo a m'madera a anthu wamba, m'mapiri momwe. Harare ilibe ndalama za Medellín, ndikudziwa. Koma ili ndi malo. Stodart Hall ku Mbare, kumene matupi a ngwazi za dziko amagonekedwa asanapite ku Heroes Acre, ndi yoyenera maliro okha? Machipisa ku Highfield, Rutendo Hall ku Mufakose, Kamunhu kwathu kuno: sola imodzi, batire, zingwe zingapo za nyale, ndi mtengo umodzi waukulu. Ngati zonse sizingatheke chaka chimodzi, mwambo woyatsa uzizungulira, chaka chino Glen View, chamawa Dzivaresekwa. A meya ndi makampani amene amakonda kujambulitsa pa mwambowo akwere galimoto zawo abwere, aone okha msewu umene timayendamo. Ndipo a ku Mount Pleasant, amene ali ndi galimoto m'dongosolo lawo, adzabwere iwo kudzaona magetsi kwathu, adzayang'ane nthawi iwo.

M'malo mwake tili ndi thumba la Mayor's Christmas Cheer Fund, limene limasonkhetsa mphatso za ana amasiye, okalamba ndi ena ovutika. Sindikulinyoza, wolandira bulangete amafunda ndithu. Koma taonani kagawidwe kake. Chifundo chimapita kulokeshoni, chikondwerero chimatsala m'tauni. Ife timalandira phukusi, iwo amasunga mtengo wowala. Agogo anga akanadzuka lero sakanafunsa kuti ichi n'chiyani. Akanachizindikira ndi dzina lake lakale, Khirisimasi bokosi, n'kufunsa kumene aika njinga yawo.

Usiku uja titafika, amayi anali akudikira pakhomo ndi tochi. Mtsikana anawapatsa foni kuti aone zithunzi. Anaziyang'ana chimodzichimodzi, foni ili patali ndi maso, n'kufunsa ngati kasupe wa pakati pabwalo akadalipo, poti iwo anafikako komaliza usiku ali mtsikana. Batire linatha asanafike kumapeto. Ana anagona osadya. Cha m'ma 11 koloko kufuula kunayambira kumunsi kwa msewu, kukwera nyumba ndi nyumba, "Auya! Auya!", ndipo babu la pabalaza linaphethira kawiri n'kuyaka. Mlongo wanga anathamangira kuika madzi pambaula, ine ndinasonkhanitsa mafoni onse a m'nyumba kuti nditchaje, ndipo amayi, amene ali ndi zaka 68, anayala bulangete patebulo n'kuyamba kusita zovala za mawa.